Nsomba ya ku Phiri mu Nasolo

Mu Nasolo mumapezeka zambiri: majumbo, matewera a ana, nsapato za phazi limodzi, mwinanso galu wakufa. Koma chiyambire ntchito yaupolisi, Sajeni Hussain Likaka anali asanamvepo kuti mumtsinje wa mu Ndirande umenewu munthu wawedzamo nsomba yoti n'kuitchula dzina. N'chifukwa chake Lachitatu m'mawa, atapatsidwa mlandu wa imfa ya a Laurenti Alufandika, mzere womaliza wa lipoti anauwerenga kawiri. Wolembayo anati pambedza ya malemuwo panali nsomba imodzi yachilendo, yamadontho.

Nkhani yake inali yaifupi. A Laurenti, bambo wa zaka 74 amene anali atasiya kuona, anapezeka atafa Lachiwiri m'mamawa pamiyala ya mtsinjewo kumtunda kwa Malabada, ali ndi bala kunkhongo. Amayi obwera kudzachapa anapeza Everson Muhiwa, wokumba mchenga, atawerama pamtembopo, malaya ali magazi okhaokha, ndodo yowedzera ya malemuwo ili m'manja mwake. Amayiwo anakuwa. Mu Ndirande mfuu ya wakuba siidikira wofotokoza, ndipo mmene apolisi ankafika n'kuti Everson atathyoledwa mkono ndi nthiti ziwiri. Tsopano anali ku chipatala chachikulu, unyolo utamulumikiza ku bedi.

Bwana wa Likaka kuofesi sanazungulire. Maliro anali oti aikidwe Lachinayi masana, ndipo anyamata a m'deralo anali atalumbira poyera kuti akachoka kumanda akatentha nyumba ya Everson, mmene munali mkazi wake ndi ana atatu. Apolisi olondera nyumba ya munthu sabata yathunthu panalibe. Ngati Everson ndiye anapha, banjalo lithawe lero lomwe. Ngati si iye, Likaka anali ndi tsiku limodzi loti asonyeze anthu okwiya munthu wina.

Likaka anafunsa komwe kunali nsombayo. Zinapezeka kuti anaisungitsa m'firiji ya mayi wogulitsa zakudya kuseri kwa ofesi, ndipo anafikako nthawi yabwino, chifukwa mayiyo anali atayamba kale kudula anyezi. Umboni wa mlandu wakupha unatsala pang'ono kudyedwa ndi mpunga.

Atangofutukula pepala, mtima wake unabwerera kwawo. Likaka anakulira patsinde pa phiri la Zomba, kumene bambo ake ankagwira ntchito ya nkhalango, ndipo nsomba imeneyi ankaidziwa ngati dzina lake lomwe. Inali tirauti, ya timadontho takuda ndi mzere wofiirira m'mbali wonga utawaleza, nsomba yonyada imene imakhala m'madzi ozizira a pamwamba pa phiri basi. Siiwedzedwa ndi nyongolotsi koma ndi kambedza komangirira nthenga kuti kaoneke ngati kachilombo kouluka, ndipo kambedza kotero kanali kadakali pamlomo pake. Koma maso ake anali oyera mbuu, olowa m'kati. Mimba inali yong'ambidwa bwinobwino ndi mpeni, yotsukidwa, yopanda kanthu. Mayi uja analumbira kuti iye sanaikhudze, anailandira ili choncho.

Likaka anaitembenuza, nayang'anitsitsa mbedzayo. Inalowera kunja kwa mlomo kupita m'kati, mmene nsomba yoluma yokha singadzikolere. Nsomba yopanda matumbo siimeza nyambo. Iyi inafa kalekale a Laurenti asanafe, ndipo dzanja la munthu ndilo linaikoleka pambedzapo.

*

Everson ankalankhula pang'onopang'ono, mawu aliwonse akuwagula ndi ululu wa nthiti. Anati masiku onse amakumba kumunsi, kufupi ndi mlatho, koma mchenga unatha, ndiye tsikulo anati akayese kumtunda. Anapeza madala atagona chagada, miyendo m'madzi. Anawanyamula mutu, nawaitana, osayankha. Chingwe chinali chitawakulunga m'miyendo, ndiye anatola ndodo kuti achimasule. Pomwepo mfuu inamveka.

"Bwana, ine ndikanakhala wakuba ndikanaba chiyani? Kandodo kowonda ngati bango? Fosholo yanga ndinaisiya pomwepo, ndiye chuma changa chonse."

Likaka anamufunsa ngati anaona chinthu china chilichonse pamalopo. Everson anatseka maso kwa kanthawi, kenako anati pamwala waukulu panali fulasiki ndi makapu, ndipo m'makapumo munali tiyi. Likaka anafunsa kuti makapu angati.

"Awiri, bwana. Wina wobiriwira, wina woyera."

M'lipoti munalibe fulasiki kapena kapu. Pamalo pamene padutsa chigulu cha anthu okwiya, zinthu zotere zimamera miyendo.

Pakhonde la wodiyo anakumana ndi Idah, mkazi wa Everson, atanyamula kabeseni ka phala. Sanalire, sanachonderere. Anati eni nyumba zoyandikana ayamba kale kutulutsa katundu wawo kuopa kuti moto ungawolokere, ndipo ana ake sanapite kusukulu chifukwa anzawo akuwatcha ana a chigawenga. Kwawo ku Phalombe malo anagawana ena kalekale. Anangofuna kudziwa chinthu chimodzi: athawire kuti? Likaka anachita manyazi. Anamupempha kuti adikire mpaka mawa masana, ndipo akutsika masitepe anadzida yekha chifukwa cholonjeza ndi maso chinthu chimene pakamwa pake panaopa kunena.

*

Pasiwa panali anthu ambiri, abambo panja pansi pa tenti, amayi m'nyumba akuyimba motsitsa. Amene anamulandira anali Ignasio, mwana wachisamba wa malemuwo, wowotcherera zitsulo mumsika wa Ndirande koma wokhala ku Chemusa. Anali munthu wamapewa, maso ofiira, ndipo sanabise kuti Lachiwiri lija iye ndiye anali patsogolo.

"Bwana, musatitayitse taimu. Mfana uja tinamugwira laivu, magazi a madala anga ali pa shati. Mukufufuza chiyaninso? Mukamutulutsa, ifeyo tili ndi khoti lathu."

Likaka anamusiya kuti nthunzi ituluke, kenako anafunsa za ndodo. Apa nkhope ya Ignasio inasintha. Anafotokoza monyadira kuti bambo ake anabadwira ku Nsanje, mwana wa msodzi wa milamba, koma ali mnyamata anatengedwa ndi bwana wina wa za nkhalango kupita ku Zomba. Kumeneko anaphunzira kuwedza tirauti mpaka anaposa aphunzitsi ake. Zaka makumi atatu ankaperekeza alendo kumtsinje wa pamwamba pa phiri, ndipo ena ankachokera kunja akufunsa dzina lawo. Ankaponya chingwe n'kutera pamadzi ngati tsamba, nsomba osazindikira kanthu. Ngakhale maso atafa ndi shuga, zala zawo zinkamangabe nthenga pambedza.

Chimene chinavuta chinali mutu. Zaka zitatu zapitazo anayamba kuiwala, n'kumadzuka akufunafuna mtsinje kuseri kwa bafa. Kawiri anathawa, ndipo ulendo wina anapezeka ku Kachere, atagwira ndodo, akufunsa anthu njira ya ku Zomba. Atayamba kuwakhomera m'nyumba anasiya kudya. Koma chaka chathachi anadekha okha. Ignasio akabwera Lamulungu, ankamuuza kuti apita kumtsinje ndipo agwira imodzi yonona, iye n'kumangovomera, podziwa kuti ndi maloto a ukalamba.

Likaka analoledwa kulowa m'nyumba. Namfedwa, mayi Filomena, mkazi wa malemuwo, anali atakhala pamphasa pakona, amayi awiri a mphakati wa kutchalitchi kwawo atawakhalira uku ndi uku. Anali mayi wochepa thupi, woongoka msana. Likaka atawapepesa, iwo anayankha ndi mawu a kwawo kuchigwa, akuti takhuta m'malo mwa zikomo. Anafotokoza kuti Lachiwiri analawirira kukatunga madzi, ndipo pobwera anapeza chitseko chili pululu, bambo kulibe, ndodo kulibe. Ankalankhula akuyang'ana pamphasa, manja onse atawabisa m'chitenje. Za nsomba anati sakudziwapo kanthu.

Likaka ataimirira kuti azipita, mayiwo anadzutsa mutu koyamba.

"Mnyamata uja ali moyo?"

"Ali moyo, mayi. Koma mkono sudzagwiranso fosholo msanga."

Mayi Filomena anatseka maso. Pabwalo lonse lija, mwa anthu oposa zana, palibe wina amene anafunsa funso limenelo.

*

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Likaka anayenda yekha njira yochokera panyumbapo kukafika pamene a Laurenti anafera. Inali njira yokhotakhota pakati pa mipanda, yowoloka ngalande pathabwa limodzi logwedera, kenako yokwera chitunda cha miyala yoterereka. Iye, wa maso awiri ndi nsapato za boma, anapunthwa kawiri. Nkhalamba yosaona sikanafika kumeneko popanda woigwira dzanja.

Pamalopo nyumba zinali zitatha, phiri la Ndirande lili pafupi. Madzi ankatsika pamiyala itatu n'kugwera m'kadziwe. Likaka anakhala pamwala waukulu, natseka maso, ndipo anadabwa. Phokoso lake linali lomwe lija la mitsinje ya kwawo, lopanda kusiyana ngakhale pang'ono. Amene anasankha malowa anawasankha ndi makutu, ndipo anali munthu woti anakhalapo kuphiri. Atatsegula maso anaona majumbo atakodwa m'mabango, ndipo atapisa dzanja m'madzimo anawapeza ofunda ngati osambitsira khanda, pakuti unali mwezi wa Okutobala.

Masitolo ogulitsa tirauti mu Blantyre sakwana zala za dzanja limodzi. Yoyamba inati inasiya kalekale. Yachiwiri inati imagulitsa ku mahotela okha, m'makatoni. Yachitatu inali ku Limbe, ndipo kuseri kwa mafiriji kunali bambo wina wansangala dzina lake Jabir, amene pakamwa pake sipankadikira funso kuti lithe.

"Aaa, achimwene, mukunena mayi wa imodzi! Ife timawatchula choncho. Anthu ena onse amagula zinayi, zisanu, koma iwo imodzi basi, kamodzi pamwezi. Ndiye kusankha kwake! Ayang'ane nkhope, ayang'ane mchira, akuti usapezeke wothyoka. Ine ndinawafunsa kuti mayi, mukufuna yodya kapena yokajambulitsa?"

Jabir anaseka yekha, napitiriza kuti mwezi uliwonse mayiwo ankapempha yosatumbula, ndipo mwezi uliwonse iye ankawauza kuti zimabwera zotumbula kale. Anayamba kubwera chaka chatha nthawi yozizira. Komaliza anabwera Lolemba lomweli. Dzina sankalidziwa, koma anali mayi wachikulire, wochepa thupi, wovala kolona m'khosi.

"Ndipo akalandira sanena zikomo ayi. Amati takhuta. Kodi alakwa chiyani mayi anga aja?"

Likaka anamutsanzika. Anatuluka m'sitolomo, ndipo m'minibasi yonse yobwerera sanamve ngakhale kondakitala akumufunsa kotsikira. Zaka zonse za ntchito yake, akapeza munthu amene ankamufuna ankamva kukoma. Tsiku limeneli anamva chisoni chokhachokha. Khoswe anali atakhala pamkhate.

*

Lachinayi m'mawa, thupi lisanafike kuchokera ku mochale, Likaka anapempha amayi a mphakati kuti alankhule ndi namfedwa payekha. Anawatulutsira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mulu wa nkhuni, n'kuwaika pakampando. Kutsogolo kwaya inali ikuyeserera nyimbo. Pakona ya mpanda, pansi pa chiguduli, Likaka anaona zigubu ziwiri zachikasu, ndipo fungo lake silinali la madzi koma la petulo.

Sanawaopseze. Anawauza kuti dzulo anali ku Limbe, ndipo bambo wa m'sitolo ya nsomba akupereka moni. Kenako anapempha kuona manja awo. Mayi Filomena anawatulutsa m'chitenje muja. Pachala cholozera cha dzanja lamanja panali timizere topyapyala todutsa chopingasa, tina takale toyera, kamodzi katsopano kofiira. Chingwe chowedzera chimacheka chotero munthu akamachikoka ndi dzanja.

"Mwaona zonse, mwananga," anatero. "Ndinene chiyaninso?"

Komabe ananena, ndipo ankanena ngati munthu wotula mtolo umene wamupweteka khosi. Anati atawakhomera m'nyumba bambo aja, ankakhala pansi kutsamira chitseko n'kumalira ngati mwana, mwamuna amene sanalirepo ngakhale pamaliro a mayi ake. Anawonda mpaka lamba anasowa bowo. Tsiku lina iwo akufuna nkhuni kumtunda anamva phokoso la madzi aja, ndipo nzeru inawabwerera. M'mutu mwa bambowo zaka zinali zitabwerera m'mbuyo. Masiku ambiri ankadziona ali m'nyumba ya nkhalango kuphiri, mtsinje uli pafupi. Ndiye m'mawa wina wa Juni, kukuzizira, anawaveka jekete, nawauza kuti tiyeni kumtsinje.

Bambowo ankaima pamwala n'kumaponya chingwe, dzanja likukumbukira zonse zimene mutu unaiwala. Iwo ankawasiya aponye kambirimbiri, amwe tiyi, aponyenso. Kenako ankatsikira kumunsi mwakachetechete, n'kugwira nsonga ya chingwe, n'kukolekapo nsomba ya m'sitolo ija, n'kuyamba kukoka ndi kugwedeza monga imachitira yamoyo. Zaka makumi atatu za kuphiri anali ataonerera mokwanira kuti adziwe mmene tirauti imalimbanira. Bambowo ankaseka, akuinyengerera nsombayo ndi mawu achikondi, mpaka ifike. Iwo ankathamangira kuichotsa n'kuiponya m'dengu bambowo asanaikhudze. Akabwerera kunyumba ankadya, ankagona, ndipo kwa milungu itatu kapena inayi m'nyumbamo munkakhala mtendere.

"Ndinkaulula kwa ansembe kuti ndimanamiza mwamuna wanga. Koma mwezi ukatha ndinkapitanso ku Limbe."

Lachiwiri lija, nsomba imene anagula Lolemba ku Limbe inali yochepa. Bambowo ataikoka anati iyi ndi yopepuka, ndi mwana, tiibwezere ikakule. Limenelo linali lamulo lawo chiyambire: yaing'ono imabwerera m'madzi, ndipo munthu asanaigwire amayamba wanyowetsa dzanja kuti asaipweteke khungu. Iwo anayesa kuwaletsa, koma bambowo anali atawerama kale, dzanja lina lili m'manja mwa mkazi wawo, lina m'madzi.

"Dzanja linangoima m'madzimo. Kenako akuti, madzi awa ndi ofunda, kuno si kuphiri. Anatsata chingwe ndi zala mpaka anaipeza nsomba, napisa chala m'mimba mwake. Mwananga, zaka zitatu mutu uja unali mumdima, koma m'mawa umenewo unayera. Anandidziwa, anadziwa Ndirande, anadziwa zonse. Akuti, Filomena, ndiye kuti nsomba ndine. Wakhala ukundiwedza."

Mayiwo anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Anati bambowo anawauza kuti awasiye dzanja, safuna kugwiridwa ndi munthu wabodza. Mawu oti ndisiye anali atawamva kambirimbiri m'zaka zitatu zimenezo, powasambitsa, powadyetsa, powaletsa kutuluka, ndipo sanawasiyepo ndi tsiku limodzi lomwe. Koma liwu loti wabodza linawalasa. Anakumbukira matewera amene ankachapa anthu asanadzuke kuti ulemu wa bambowo usungike, anakumbukira zala zawo zochekeka, ndipo mtima unawawira.

"Ndinawasiya. Sindinawakankhe, Mulungu akundiona. Ndinangotsegula dzanja. Anaponda kamodzi."

Zotsatira zake anazinena mofulumira. Anawagwedeza, anawaitana, mpweya panalibe. Anathamangira kunyumba kuti akaitane anthu, koma atalowa anakhala pansi kuseri kwa chitseko osadziwa kuti ayambira pati. Ali pomwepo anamva mfuu kumtunda. Pamene nkhani inawapeza, inali yoti wakupha wagwidwa, ndipo Ignasio wamuthyola mkono ndi chitsulo. Akanatsegula pakamwa, akanapereka mwana wawo yemwe kundende chifukwa chovulaza munthu wosalakwa. Anatseka pakamwa Lachiwiri, ndipo Lachitatu panali patalemera kuposa kale.

Likaka anayang'ana zigubu zija. Anawauza mosabisa kuti ngati kutsegula dzanja ndi mlandu, akanena ndi a khoti, iye sakudziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti masana omwewo ana atatu a Everson agona panja, ngati atuluke amoyo. Iye akaimirira n'kunena kuti Everson ndi wosalakwa, anthu angoti wapolisi wadya chibanzi, ndipo moto uyaka ndithu. Pabwalo lonselo panali pakamwa pamodzi pokha pamene anthu akanakhulupirira.

"Mkazi wamasiye salankhula pamaliro a mwamuna wake," anatero mayi Filomena. "Ndiloleni ndiike mwamuna wanga ngati munthu. Mawa mubwere ndi galimoto lanu, mundipeza nditavala."

"Mawa nyumba ija idzakhala phulusa, mayi."

Kutsogolo kunamveka kulira kwa galimoto, ndipo amayi anayamba kubuma. Thupi linali litafika. Mayi Filomena anaimirira, nakonza mpango wawo, nalowa m'nyumba.

*

Mwambo unayamba dzuwa lili paliwombo. Bokosi analiika pampando pakati pa bwalo. Likaka anaima kumbuyo, pafupi ndi mpanda, ndipo anawerenga anyamata khumi ndi awiri amene sankayimba nawo, ongoyang'anana. Apolisi amene anatha kuwapeza kuti akaime kunyumba ya Everson anali awiri okha. Anali atatumiza uthenga kwa Idah kuti atulutse ana, koma yankho linabwera loti mayiyo wakhala pakhomo ndipo akuti sasuntha, alibe kopita.

Woimira banja, mphwake wa malemuwo amene anabwera kuchokera ku Nsanje, anaimirira kuti afotokoze chimene chatenga bambowo. Anayamba bwino, ndi mbiri ya kuphiri, koma atafika pa Lachiwiri mawu ake anakwera. Anati a Laurenti sanafe ndi matenda, anaphedwa ndi munthu wopanda chisoni chifukwa cha kandodo. Gulu linang'ung'udza. Mnyamata wina anasuntha kulowera kumene kunali zigubu. Likaka anayamba kudzikankha kupita kutsogolo, ngakhale ankadziwa kuti mawu ake sakagwira ntchito.

Asanafike, pamphasa ya amayi panachitika chipwirikiti. Mayi Filomena anali ataimirira. Amayi awiri aja anawakoka chitenje kuti akhale pansi, poganiza kuti chisoni chawazunguza mutu, koma iwo anawachotsa manja, nayenda okha mpaka pabokosi. Mayiwo anaika dzanja pabokosipo, ndipo mawu awo, ngakhale anali aang'ono, anamveka mpaka kumsewu chifukwa cha bata limene linagwa.

"Mwamuna wanga sanaphedwe ndi Everson. Kumtsinje ndinapita nawo ndine. Ndinawagwira dzanja, tinakangana, ndinawasiya, anagwa. Mnyamata uja anangowapeza, nawanyamula mutu, chimene ine mkazi wawo ndinalephera. Amene akufuna kutentha nyumba atenthe ino."

Mnyamata wa kuzigubu uja anabwerera chambuyo, manja m'thumba, ndipo anzake anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Ignasio anaimirira pang'onopang'ono, nkhope itatuwa. Anayang'ana manja ake, nayang'ana mayi ake.

"Amayi, Lachiwiri lija munali kuti pamene ine ndinkamenya munthu?"

Ignasio anakhala pansi pafumbi pomwepo, bambo wamkulu wa ana anayi, nafunditsa nkhope m'manja. Likaka anadziwa kuti nyumba ya Everson yapulumuka, ndipo anadziwanso kuti dzuwa lisanalowe adzayenera kulemba mayina awiri a banja limodzi m'buku la milandu. Sanamve kupambana kulikonse.

Mkulu wa mpingo anadumpha zolankhula zotsala, napemphera mwachidule, ndipo adzukulu ananyamula bokosi. Kwaya inayamba nyimbo mozengereza. Mwambo wake ndi woti namfedwa amayenda kumbuyo kwa bokosi atagwiridwa ndi amayi awiri, wina uku wina uku, kuti chisoni chikamugwetsa asafike pansi. Amayi a mphakati anayang'anana, wina anawerama kukonza nsapato, wina analowa pakati pa kwaya. Sikuti onse anali ndi nkhanza. Ambiri sankadziwa kuti munthu wotere amagwiridwa bwanji. Mayi Filomena anayenda okha, patsogolo pawo bokosi, kumbuyo kwawo mpata waukulu umene anthu anausiya.

Njira ya kumanda inali yotsetsereka, yokumbika ndi madzi a mvula ya chaka chatha. Pangalande yoyamba mayiwo anadzandira, nadziwongola. Payachiwiri bondo linagunda pansi. Gulu lonse linaona, ndipo linangochepetsa liwiro.

Likaka anadutsa pakati pa anthuwo, nawadzutsa, nawagwira mkono pamwamba pa chigongono. Kumbuyo kunamveka manong'onong'o akuti wawamanga, wapolisi uja wawamanga asanaike n'komwe mwamuna wawo. Iye sanatembenuke kuti awatsutse, chifukwa mwini wakeyo sankadziwa ngati akunama. Mayi Filomena anatsamira pa iye ndi thupi lonse, lopepuka ngati la mwana, ndipo anayenda choncho mpaka kumanda.